Laisensi ya ku Britain: mitengo yake ndi miyezi 12 imene imathawa

Sabata ino tasiya kaye mitengo ya soya ndi nandolo kuti tikambe za katundu wina amene sapezeka pamsika koma akudya ndalama za abale athu ambiri omwe ali kunja: laisensi yoyendetsera galimoto ya ku Britain. Amene akugwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo ku Manchester, Leeds kapena Nottingham akudziwa kuti popanda galimoto ntchitoyo siyenda, chifukwa pa tsiku limodzi amayenera kufika makomo angapo otalikirana. N'chimodzimodzinso amene amakasiya katundu ndi chakudya m'nyumba za anthu. Kwa iwowa laisensi ndi mpamba, monga mmene njinga ilili kwa wakabaza. Ifenso kuno kumudzi nkhaniyi ikutikhudza, pakuti ndalama ya feteleza ndi fizi imene timalandira mwezi ukatha imachokera m'galimoto momwemo.

Lamulo lake ndi ili. Munthu amene wakakhazikika ku England, Scotland kapena Wales ali ndi laisensi ya ku Malawi yosatha masiku amaloledwa kuyendetsa galimoto yaing'ono kwa miyezi 12. Galimoto yaing'ono apa ndi yosapitirira makilogalamu 3,500 komanso yosapitirira mipando 8 ya okwera. Miyeziyo imayamba kuwerengedwa tsiku limene munthu wayamba kukhala m'dzikomo. Ambiri amaganiza kuti imayamba tsiku logula galimoto kapena tsiku loyamba kugwira chiwongolero, ndipo apa ndi pamene amaphonya. Mukakhala miyezi 8 mukuyenda pa basi kenako n'kugula galimoto, mwatsala ndi miyezi 4 yokha. Kubwera kumudzi kudzadya Khirisimasi n'kubwerera sikuyambitsanso kuwerengako. Kachikalata kotchedwa International Driving Permit nakonso sikawonjezera ngakhale tsiku limodzi, choncho musataye ndalama poganiza kuti kakupulumutsani.

Miyezi 12 ikatha, laisensi ya ku Malawi singasinthidwe kukhala ya ku Britain. Bungwe la DVLA, lomwe likulu lake lili ku Swansea ndipo ndi limene limapereka malaisensi, lili ndi mndandanda wa mayiko omwe malaisensi awo amangosinthidwa popanda mayeso. Ku Africa kuno pamndandandawo pali South Africa ndi Zimbabwe. Malawi, Zambia ndi Mozambique palibe. Kaya mwayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba zaka 15 osagundapo ngakhale nkhuku, muyenera kulemba mayeso onse ngati mwana amene wangoyamba dzulo.

Tsono pali lamulo lachiwiri limene anthu salitchula kawirikawiri, koma ndi limene limafupikitsa nthawi. Munthu saloledwa kulemba mayeso, kaya a mafunso kaya a pamsewu, asanakhale ku England, Scotland kapena Wales masiku 185 m'miyezi 12 yapitayo. Tiyerekeze kuti mwatsika ndege pa 1 Malichi. Masiku 185 adzakwana kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo laisensi yanu ya ku Malawi idzasiya kugwira ntchito kumapeto kwa Febuluwale. Ndiye kuti mpata weniweni wopezera laisensi osasiya kuyendetsa ndi miyezi 6 yokha. Mumpata womwewo muyenera kukhoza mayeso a mafunso, chifukwa simungasungitse malo a mayeso a pamsewu musanakhoze amenewo, kenako n'kulowa pamzere. Mzere wa mayeso a pamsewu wakhala wautali kwambiri kuchokera nthawi ya Covid-19, moti m'madera ambiri munthu amadikira miyezi ingapo. Mukalakwa ulendo woyamba mumadikira masiku 10 ogwira ntchito musanayesenso, ndipo nthawi zambiri mumabwerera kumapeto kwa mzere womwe uja. Amene amakhoza mayeso a pamsewu m'dziko lonselo ndi pafupifupi theka la olemba, ndiye kulakwa kamodzi si chachilendo, n'kofunika kukuika m'mapulani.

Tione mitengo, popeza tsamba lino n'la mitengo. Choyamba ndi laisensi ya wophunzira, imene amaitcha provisional. Mtengo wake ndi £34 mukafunsira pa intaneti kudzera pa gov.uk, kapena £43 mukatumiza fomu pa positi. Mayeso a mafunso ndi £23. Mayeso a pamsewu ndi £62 masana a pakati pa sabata, ndipo madzulo, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi ndi £75. Zonse pamodzi, mukakhoza kamodzin'kamodzi, boma mumalipatsa £119. Mitengo ya boma imasinthidwa nthawi ndi nthawi, choncho yang'anani pa gov.uk musanalipire, koma mulipire pomwepo basi. Pali masamba ena pa intaneti ofanana ndi a boma amene amakudzazirani fomu yomweyo n'kuikapo yawo pamwamba.

Ndalama yaikulu ili kwa mphunzitsi. Ola limodzi ndi mphunzitsi wovomerezeka limapitirira £30 m'madera ambiri, ndipo ku London limakwera kuposa apo. Munthu wongoyamba kumene amafuna maola pafupifupi 45, koma dalaivala wozolowera safuna ochuluka chotero. Titenge chitsanzo cha maola 10 pa £35: ndi £350, kuphatikiza £119 ija zikukwana £469. Onjezanipo ndalama yobwereka galimoto ya mphunzitsi tsiku la mayeso, ndi ina yapadera yoti mubwerezere zikavuta. Ena amaona ngati kulipira mphunzitsi n'kunyozeka pamene iwo akhala akuyendetsa zaka zambiri. Ine ndimati amenewa ndi amene akufunika mphunzitsi kwambiri, chifukwa woyesa sayang'ana ngati mumatha kuyendetsa galimoto, amayang'ana ngati mukuyendetsa mmene buku lawo la malamulo a pamsewu, Highway Code, likunenera.

Langizo langa ndi lakuti provisional muitenge msanga, mwezi woyamba kapena wachiwiri. Kuitenga sikukulandani ufulu wa miyezi 12 uja. M'nthawi imeneyo mupitiriza kuyendetsa nokha ndi laisensi ya kwanu, popanda zikwangwani za L, pamene mukukonzekera mayeso. Koma tsiku limene miyezi 12 yatha musanakhoze, mumasanduka wophunzira weniweni. Galimoto iyenera kukhala ndi L kutsogolo ndi kumbuyo, pambali panu payenera kukhala munthu wa zaka zosachepera 21 amene wakhala ndi laisensi yonse zaka 3, ndipo pa motorway simuloledwa pokhapokha muli ndi mphunzitsi wovomerezeka m'galimoto ya mabuleki mbali zonse. Ndani angakuperekezeni m'makomo a okalamba kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka usiku? Apa ndi pamene maola a ntchito amadulidwa, ndipo kumudzi amayamba kumva kuti mwezi uno zavuta.

Mayeso a mafunso amayendetsedwa ndi bungwe la DVSA ndipo amalembedwa pa kompyuta. Gawo loyamba lili ndi mafunso 50 osankha yankho, nthawi yake ndi mphindi 57, ndipo muyenera kukhoza 43. Gawo lachiwiri ndi la mavidiyo 14 oonetsa msewu ngati muli pachiwongolero, ndipo mumadina mukangoona chinthu chimene chingabweretse ngozi, monga mwana wothamangira mumsewu kapena galimoto yotuluka pakanjira. Mamalikisi ake onse ndi 75 ndipo pamafunika 44. Mukalakwa gawo limodzi mwalakwa zonse. Madalaivala akale ambiri amagwa pagawo lachiwirili, mwina chifukwa amaona ngoziyo koma n'kudikira kuti itsimikizike asanadine. Kudina paliponse mosalekeza nakonso kumakupatsani ziro pa vidiyo imeneyo. Mayesowa ndi a Chingerezi kapena Chiwelishi, ndipo kuyambira 2014 womasulira chilankhulo chakunja saloledwa. Satifiketi yake imakhala zaka 2, ikatha musanakhoze a pamsewu mumalipiranso £23.

A pamsewu amatenga mphindi pafupifupi 40. Amayamba ndi maso: muwerenge nambala ya galimoto pa mtunda wa mamita 20, ndipo mukalephera mayeso athera pomwepo. Kenako pali mafunso awiri okhudza galimoto, kuyendetsa m'misewu yosiyanasiyana, kubwerera m'mbuyo kapena kuimika galimoto pamalo opapatiza, ndi kuyendetsa nokha motsatira sat nav kapena zikwangwani. Zolakwa zing'onozing'ono zimaloledwa mpaka 15, koma cholakwa chachikulu chimodzi chokha chimakugwetsani.

Mwayi wathu ndi wakuti ku Britain amayenda kumanzere ngati kwathu kuno, ndipo chiwongolero chili kumanja. Zotsalazo n'zosiyana. Liwiro amawerenga m'mamailosi: chikwangwani cha 30 chikutanthauza makilomita pafupifupi 48 pa ola, ndipo 70 ya pa motorway ndi pafupifupi 112. Ku Wales, kuyambira Seputembala 2023, misewu yambiri ya m'malo okhala anthu ndi ya 20. Kuyambira Januwale 2022 Highway Code imati mukamakhota pamphambano mupatse mpata woyenda pansi amene akudikira kuwoloka, ngakhale asanaponde mumsewu. Hutala si ya moni kapena yoitanira munthu. Ndipo magalasi oonera kumbuyo muyenera kuwayang'ana musanapereke sigino, musanakhote, musanachepetse liwiro, komanso kutembenuza mutu musananyamuke. Pa raundabauti ya mizere itatu kapena inayi, ngati amene amapezeka m'mizinda yawo, kulowa mzere wolakwika n'kudula mnzanu ndi mayeso otha.

Pali chisankho china cha malonda chimene muyenera kuchita musanasungitse malo. Mukayesedwa pa galimoto ya otomatiki, laisensi yanu idzakhala ya otomatiki yokha. Mukayesedwa pa ya magiya osintha ndi dzanja mudzayendetsa zonse. Kwa wosamalira okalamba amene ali ndi kagalimoto kake ka otomatiki, ndipo nthawi yamuthera, otomatiki ndi njira yachidule. Koma amene akulingalira zodzayendetsa vani ya kampani aganize kawiri, chifukwa mavani ambiri akadali a magiya, ndipo kukweza laisensi pambuyo pake ndi mayeso ena ndi £62 ina.

Kumene kuli mzere wautali madobadoba salephera. Alipo amene amagulitsa malo a mayeso pa WhatsApp ndi Facebook pamtengo wowirikiza kangapo £62 ija, ndipo ena amalandira ndalama n'kuzimitsa foni. Kupereka nambala ya laisensi yanu kwa munthu wosamudziwa n'kumupatsa kiyi wa dzina lanu. Njira yaulere ilipo: sungitsani tsiku lililonse limene lapezeka, ngakhale lakutali, kenako muziyang'ana pa gov.uk ngati wina wasiya malo ake apafupi. Zolemba munthu wina kuti akakulembereni mayeso, kapena zogula laisensi yopangidwa kuseri, ndi mlandu wachinyengo umene anthu amapita nawo kundende, ndipo kwa mlendo wokhala pa viza mlandu wotero umathanso kuwononga mapepala okhalira m'dzikomo.

Nanga wongopitiriza kuyendetsa miyezi 12 itatha, n'kumati apolisi sakundiona? Kuyendetsa mosatsata laisensi kuli ndi chindapusa chofika £1,000 ndi mapointi 3 mpaka 6. Choopsa kwambiri ndi inshuwalansi. Kampani inakupatsani inshuwalansi podziwa kuti muli ndi laisensi yololedwa, ndiye ikazindikira kuti inatha mphamvu itha kukana kulipira ngozi ikachitika. Kupezeka wopanda inshuwalansi ndi £300 ndi mapointi 6 pomwepo, galimoto itha kulandidwa, ndipo nkhani ikapita kukhoti chindapusa chilibe malire. Dziwaninso kuti inshuwalansi wamba siikwanira pa ntchito. Woyendera makomo a okalamba amafunika yolembedwa kuti business use, ndipo wonyamula chakudya kapena katundu molipidwa amafunika ya hire and reward. Mapointi amenewa samafufutika mukakhoza mayeso. Lamulo la madalaivala atsopano la 1995 limati mukafika mapointi 6 m'zaka 2 zoyamba mutakhoza, laisensi imalandidwa ndipo mumayambiranso pa provisional, mayeso onse awiri.

Amene anayamba akhala ku Joni kapena ku Harare n'kulemba mayeso kumeneko, nkhani yawo ndi yotsika mtengo. Laisensi ya ku South Africa kapena Zimbabwe imasinthidwa ndi £43 podzaza fomu ya D1, popanda mayeso aliwonse. Nawonso amayendetsa miyezi 12 yokha ndi laisensi yakaleyo, koma ali ndi zaka 5 kuchokera tsiku lokhazikika zoti asinthe. Laisensi yakaleyo amaitumiza ku DVLA ndipo sibwerera kwa mwini wake. Kusinthaku ndi kwa galimoto zing'onozing'ono, osati mathiraki ndi mabasi, moti dalaivala wa thiraki wa ku Durban ayenerabe kulemba mayeso a galimoto zikuluzikulu. Ndipo laisensiyo iyenera kukhala yoti munaipeza polemba mayeso m'dziko limenelo. Ngati munangosinthitsa ya ku Malawi kukhala ya ku South Africa, DVLA imaiona ngati ya ku Malawi yomwe, ndipo mubwerera pa £34 ija.

Zonse takambazi ndi za England, Scotland ndi Wales. Amene ali ku Belfast ndi madera ena a Northern Ireland ali pansi pa bungwe lina lotchedwa DVA, lomwe lili ndi mafomu ndi mitengo yakeyake, choncho ayang'ane pa tsamba la nidirect. Sabata yamawa tibwerera pamsika ndi mitengo ya mtedza.