Mgwirizano wa sevisi: momwe tingauikire mu pulogalamu ya pakompyuta

Ambiri mwa ife amene tikuphunzira za bizinesi, akawunti kapena makompyuta timalakalaka kudzatsegula kampani yathuyathu tikamaliza sukulu. Ntchito zimene zikuyenda malonda masiku ano tikuzidziwa: kuika sola, kukonza majenereta, kuika ma air conditioner m'maofesi, kusamalira mapampu a madzi. Vuto la ntchito zoterezi ndi loti ndalama yake imabwera mwa apo ndi apo. Mwezi uno mwaika sola pa nyumba zitatu, mwezi wamawa foni ili zii, pomwe lendi ya shopu ndi malipiro a amisiri sizidikira. N'chifukwa chake makampani okhazikika amakonda mgwirizano wa sevisi. Kasitomala amalipira ndalama yodziwika mwezi ndi mwezi kapena pa miyezi itatu iliyonse, ndipo kampani imalonjeza kumabwera pa nthawi yoikika kudzaona makina ake asanawonongeke.

Lonjezo limeneli silivuta kusunga makasitomala akakhala asanu. Kope limodzi ndi kalendala ya pakhoma zimakwana. Koma akafika 40, aliyense ali ndi makina atatu kapena anayi ofuna sevisi pa nthawi zosiyana, mutu wa munthu mmodzi sungasunge zonsezo. Apa m'pamene pamafunika mapulogalamu amene amatchedwa field service management, kutanthauza mapulogalamu oyendetsera ntchito za amisiri amene amapita kukagwira ntchito kwa kasitomala. Alipo ambiri. Microsoft ili ndi Dynamics 365 Field Service, ku Canada kuli Jobber, ndipo kampani ya Frappe ya ku India inapanga ERPNext, imene munthu angathe kuika pa seva yake osalipira laisensi. M'nkhani ino titsatira kwambiri Dynamics 365 chifukwa imaonetsa bwino zigawo zonse za mgwirizano, koma maganizo ake ndi omwewo m'mapulogalamu enawo.

Kuti timvane bwino, tiyerekeze kuti kampani yathu yagwirizana ndi chipatala chaching'ono cha kumudzi. Pachipatalapo pali jenereta ya dizilo, sola yoyendetsa furiji ya katemera, ndi ma air conditioner awiri m'chipinda chosungiramo mankhwala.

Yambani ndi makina, tsiku libwere pambuyo

Chiyeso chachikulu ndi kutsegula pulogalamu n'kuthamangira kulemba kuti "chipatala chakuti, mwezi uliwonse." Tikatero tapanga chikumbutso chabe, chomwe ngakhale foni ikanatha kutipatsa. Choyamba kulowetsa ndi makina eniakewo, aliwonse paokha: dzina la kampani yopanga, nambala ya makinawo, tsiku limene anaikidwa, malo amene ali, ndi tsiku limene waranti ikutha. Mu Dynamics 365 makina aliwonse otere amatchedwa customer asset. Mu ERPNext amatsatidwa ndi nambala yawo.

Phindu lake limaoneka patapita zaka ziwiri. Mmisiri watsopano akafika pachipatala paja amatsegula foni n'kuona kuti inveta imeneyi inasinthidwa fyuzi kawiri chaka chatha, ndipo mabatire ake akukwanitsa zaka zinayi. Mbiri yotereyi ikakhala m'mutu mwa mmisiri mmodzi, tsiku limene wasiya ntchito imapita naye limodzi.

Kenako timalemba mndandanda wa ntchito ya sevisi iliyonse. Sevisi ya jenereta ikhale ndi zochita zake: kusintha oyilo ndi fyuluta, kuona madzi oziziritsa injini, kuyeza batire, kuiliza ili ndi katundu kuti tione ngati ikukoka bwino, kulemba maola amene yayenda. Sevisi ya sola nayo ikhale ndi zake. Mndandanda wotere umalembedwa kamodzi n'kusungidwa, pamodzi ndi zipangizo zofunika ndi nthawi imene ntchitoyo imatenga. Dynamics 365 imautcha incident type. Ukalumikizidwa ku mgwirizano, ulendo uliwonse umabwera ndi mndandanda wake wokonzeka, ndipo wa kusitolo amadziwiratu kuti sabata yamawa pafunika mafyuluta angati.

Mawotchi awiri

Tsopano tifike pa mgwirizano weniweniwo, umene pulogalamuyi imautcha agreement. Pamwamba pake timalemba kasitomala amene tizikamugwirira ntchito, amene azilipira, tsiku loyambira, tsiku lothera ndi mndandanda wa mitengo. Tisapeputse kusiyana kwa wogwiriridwa ntchito ndi wolipira. Chipatala chathu chija mwina chili pansi pa likulu lina ku Blantyre, ndipo invoisi ikapita kumudzi m'malo mwa kulikulu ingathe kugona m'kabati miyezi iwiri.

Mkati mwa mgwirizano muli mawotchi awiri oyenda paokhapaokha, ndipo amene wamvetsa zimenezi wamvetsa theka la nkhani yonse. Wotchi yoyamba ndi ya maulendo. Imatulutsa chikalata cha ntchito, chimene kugalaja timachidziwa kuti job card koma muno amachitcha work order. Wotchi yachiwiri ndi ya ndalama, ndipo imatulutsa invoisi. Yoyamba imakonzedwa mu gawo la booking setup, yachiwiri mu invoice setup. Chipatala chija chingathe kumalipira pa 1 mwezi uliwonse, pamene jenereta timaiona pa miyezi itatu iliyonse, sola kawiri pa chaka, ma air conditioner kutangotsala pang'ono kuyamba kutentha kwa mu Okutobala. Zimenezi zikutanthauza ma booking setup atatu ndi invoice setup imodzi, zonse pansi pa mgwirizano umodzi.

Pamene mawotchi awiriwa akumana pali msampha. Work order ikatsekedwa kuti ntchito yatha, pulogalamu imapanganso invoisi ya ntchitoyo. Ngati kasitomala akulipira kale mwezi ndi mwezi, ndiye kuti alandira mabilu awiri pa ntchito imodzi. Njira yake ndi kuikiratu kuti ntchito zimene zili mkati mwa mgwirizano zizituluka pa mtengo wa K0 pa work order, ndipo zokhazo zimene zili kunja kwa mgwirizano ndizo zizilipiritsidwa. Kasitomala amene walipiritsidwa kawiri safunsa kuti vuto linali la kompyuta kapena la munthu. Amangoti mwamubera.

Pokonza wotchi ya maulendo pali mafunso angapo amene pulogalamu imafunsa, ndipo lililonse lili ndi nkhani yake. Loyamba ndi kabwerezedwe ka ulendo. Tsiku la manambala, monga pa 15 mwezi uliwonse, limaoneka laudongo koma limayendayenda m'sabata: mwezi wina ligwera Lachitatu, mwezi wina pa Sabata, pamene ife kapena kasitomala wathu sitigwira ntchito. Pa 31 ndiye poipiratu, chifukwa miyezi isanu pa chaka ilibe tsiku limeneli. Ndi bwino kusankha kuti "Lachiwiri loyamba la mwezi," ndipo pulogalamu imalola zimenezo.

Funso lachiwiri ndi loti work order izituluka kutatsala masiku angati kuti tsiku la ulendo lifike. Mukaika masiku ochepa, mmisiri apeza kuti fyuluta mulibe m'sitolo ndipo yoitanitsa ku Johannesburg sinafike. Mukaika ochuluka kwambiri, wogawa ntchito aona mulu wa ma work order a miyezi yakutsogolo n'kulephera kuona za mawa. Chiwerengero choyenera chimachokera pa nthawi imene zipangizo zanu zimatenga kuti zifike. Lachitatu ndi masiku osinthira, kutanthauza kuti ulendo ungachitike masiku angati tsikulo lisanafike kapena litadutsa popanda kuswa lonjezo. Kuno kwathu gawo limeneli tisamaliumire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewu wa fumbi ungatsekeke masiku angapo, ndipo mafuta akasowa galimoto imagona pamzere. Komanso masiku osinthira amalola wogawa ntchito kuphatikiza makasitomala atatu a ku Thyolo pa ulendo umodzi m'malo mowotcha mafuta katatu. Masiku omwewo alembedwenso m'pepala limene kasitomala wasaina, kuti zonena za kompyuta ndi za pepala zikhale zimodzi.

Jenereta sidziwa kalendala

Apa m'pamene mgwirizano wokopera ku mayiko ena umagwa. Kumene magetsi sazimazima, jenereta imayenda maola ochepa pa chaka, ndipo sevisi ya pa kalendala imakwana. Koma oyilo amatha ndi maola amene injini yayenda. Majenereta ambiri a dizilo amafuna oyilo watsopano pakatha maola 250 kapena 500, malinga ndi buku la kampani yopanga. Tonse tikukumbukira chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Tiwerengere limodzi: jenereta yoyenda maola 8 pa tsiku imakwanitsa maola 250 m'masiku 32 okha. Podzafika ulendo wathu wa pa miyezi itatu idzakhala itayenda maola pafupifupi 720, oyilo ali bii, ndipo injini ikafa kasitomala adzaloza ife amene tinalonjeza kuisamalira.

Wotchi ya maulendo imawerenga masiku, siwerenga maola a injini. Makampani aakulu amaika timasensa totumiza maolawo pa intaneti. Ife oyamba kumene tingachite mophweka. M'mgwirizano mulembedwe kuti sevisi ichitika pa miyezi itatu kapena pa maola akutiakuti, chimene chayamba kukwana. Pachipatalapo pakhale munthu wotumiza chithunzi cha mita ya maola pa WhatsApp Lolemba lililonse, ndipo wa muofesi azilowetsa nambalayo pa mbiri ya jeneretayo. Maola akayandikira, atulutse work order yapadera. Chofunika kugwirizaniratu ndi choti sevisi zoonjezerazi alipira ndani. Nkhani imeneyi ikambidwe tsiku losainirana, chifukwa ikayamba kukambidwa magetsi atazima kale imasanduka mkangano.

Mtengo wa chaka chonse

Mgwirizano wa chaka umamanga mtengo wathu miyezi 12, pomwe mafyuluta, mabatire ndi gasi wa ma air conditioner zimagulidwa kunja. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Fyuluta ya madola 20 imene inali K23,600 inafika K34,000 usiku umodzi. Amene anali atalonjeza sevisi ndi zipangizo zonse pa mtengo umodzi wosasintha anagwira ntchito yoluza mpaka mgwirizano kutha.

Ife timaona kuti kampani yaing'ono isiyanitse zinthu ziwiri. Ndalama ya mwezi ndi mwezi ikhale ya ntchito ya manja ndi maulendo, ndipo zipangizo zizilipiridwa pa mtengo wa tsiku limene zaikidwa. Ena adzati kasitomala amafuna mtengo umodzi kuti akonze bajeti yake, ndipo akunena zoona. Kwa kasitomala wotero, pakhale ndime yolola kuunikanso mtengo pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Mu pulogalamu, zimenezi zimathandizika makasitomala a mgwirizano akakhala ndi mndandanda wawo wa mitengo, wosiyana ndi wa ongobwera kamodzi. Zina zoti zilembedwe momveka ndi izi: kuitanidwa mwadzidzidzi kuli mkati mwa mgwirizano kapena ayi, ndi kangati pa chaka, ndipo tifika pasanathe maola angati. Furiji ya katemera ikazima Lachisanu madzulo siingadikire mofanana ndi air conditioner ya muofesi.

Mtengo wa pulogalamuyo nawonso ulowe m'masamu. Dynamics 365 imalipiridwa mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense woigwiritsa ntchito, m'ndalama zakunja. ERPNext ilibe laisensi yolipira, koma imafuna seva ndi munthu woidziwa. M'menemo gawo la maulendo limatchedwa Maintenance Schedule: mumasankha makina, kabwerezedwe ndi chiwerengero cha maulendo, kenako imakutulutsirani masiku onse. Pulogalamu iliyonse imene mwasankha, yesani kaye ngati mmisiri angathe kuigwiritsa ntchito pa foni kumalo kopanda netiweki n'kudzatumiza zonse akabwerera m'tauni.

Musanauyatse

Mu Dynamics 365 mgwirizano watsopano umayamba uli pa Estimate, ndipo sutulutsa kanthu mpaka mutausintha kukhala Active. Musanasinthe, uwerengeni mothirira ndemanga ngati ndinu kasitomala. Mukasintha, tsegulani mndandanda wa masiku amene wapanga ndipo muwayang'ane limodzilimodzi pa kalendala. Onani ngati palibe logwera pa 6 Julaye kapena pa tchuthi china, ndiponso ngati nthawi yaikidwa ya kuno kwathu, chifukwa ikakhala ya London kapena New York ulendo ungathe kuoneka pa ola lolakwika, mwinanso tsiku lolakwika. Ndi nzeru kuyamba ndi kasitomala mmodzi kapena awiri, n'kudikira kuti work order yoyamba ndi invoisi yoyamba zituluke musanalowetse ena onse.

Tsiku lothera likadutsa, mgwirizano umangoleka kutulutsa ma work order mwakachetechete. Palibe belu limene limalira pachipatala, ndipo iwo amaganizabe kuti tikubwera. Ikani chikumbutso kutatsala masiku 60. Tulutsani mu pulogalamu lipoti la chaka chonse la makina awo, la maulendo amene tinapanga, zimene tinasintha ndi maola amene jenereta yayenda, ndipo mupite nalo pamanja pokakambirana mtengo wa chaka chotsatira.