Shuga ndi kunenepa zimakulitsa vuto la mkodzo mwa abambo

Kwa abambo ambiri a ku Mtakataka ndi Golomoti, kufupi ndi nyanja, mkodzo ukayamba kuvuta maganizo amathamangira ku likodzo. Koma mwa amene apitirira zaka 50, kawirikawiri gwero limakhala prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo. Kakakula kamapanikiza njira ya mkodzo, ndipo munthu amadzuka kangapo usiku, mkodzo n'kumangotuluka modontha.

Madokotala apeza kuti kunenepa kwa pamimba, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayendera limodzi ndi kukula msanga kwa kachiwaloka. Shuga wokwera amachulukitsanso mkodzo ndi kuwononga mitsempha ya chikhodzodzo, motero mankhwala a prostate okha sangakwanire. Abambo opita ku chipatala cha Mua ndi vutoli ayenera kupempha kuti awayezenso shuga ndi BP.