Mngoni wa ku Tsangano adagona panyanja

Kwathu ku Tsangano madzi timawadziwa a pachitsime ndi a kudimba, othirira kabichi ndi kachewere. Kusambira ndiye ayi. Ndiye mnzanga wa ku Chembe atandiimbira mu Julayi kuti ndikakwere nawo bwato la thanga la amalume ake n'kugona momwemo usiku umodzi, ndidavomera chifukwa cha zithunzi basi. Facebook inkayenera kudziwa.

Mayi nditawauza adandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe, pamadzi palibe nthambi yoti ugwire," adatero.

Nyanja sili kutali ndi Ntcheu monga timaganizira. Ukatsata M1 mpaka pa Masasa, umatsetsereka Khwekhwelere kufika Golomoti, kenako Monkey Bay, uko n'kukhotera ku Chembe. Ambiri a ife tidafikapo ku Joni koma nyanja yathu timangoionera pafoni.

Bwatolo lidali laling'ono, kachipinda kake kokwana anthu atatu ogona mopanikizana. Eni ake, bambo wa imvi wosalankhulalankhula, adandifunsa funso limodzi: "Mumasambira, achimwene?" Nditapukusa mutu adandiponyera jekete yoyandamitsa n'kundimanga okha malamba. Ndidachita manyazi poona ana a m'mudzimo akudumphira m'madzi ngati achule. Foni ndidaikulunga m'jumbo.

Chidandidabwitsa choyamba n'chakuti bwato la thanga silipita molunjika komwe mphepo ikuchokera. Umayenda chokhotakhota, uku kenako uko, ndipo pokhota paliponse mtengo wa m'munsi mwa thanga umadutsa mwaliwiro pamwamba pa mitu. Adandichenjeza kawiri. Kachitatu udandipeza pachipumi, chotupa ngati dzira.

Mphepo ikadzaza thanga, bwato limapendekeka mpaka madzi kufika m'mphepete. Apo ndidakuwa mayina a makolo onse. Bambowo adangoseka n'kundiuza kuti pansi pali chitsulo cholemera chomwe chimalibweza likapendekeka. Kenako adandipatsa chiwongolero. Ukachikankhira kumanja bwato limapita kumanzere. Mutu wanga udakana zimenezi kwa ola lathunthu. Koma zitayamba kumveka, popanda injini, popanda fungo la petulo, phokoso lili la madzi okha ndi nkhwazi kumwamba, ndidaiwala kuti ndili ndi foni.

Tidadutsa chilumba cha Thumbi n'kukaponya nangula kuseri kwa Domwe. Malo amenewa ali m'paki ya Lake Malawi National Park yomwe idakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO idaiika m'gulu la malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tomwe tinkaoneka bwinobwino m'miyala pansi pathu. Kutada, nyali za asodzi a usipa zidandandalika panyanja ngati tauni yatsopano.

Kugona ndiye nkhani ina. Bwato silikhala chete. Limagwedera, zingwe zimamenya mlongoti, madzi amanyambita thabwa lomwe lili pafupi ndi khutu lako. Nsima ya madzulo idabwerera yonse kunyanja.

Cha m'ma 2 koloko usiku mwera udakula. Iyi ndi mphepo yochokera kummwera yomwe imavuta miyezi yozizira, ndipo imatha kudzutsa mafunde otalika kuposa munthu. Ndidadzidzimuka nditamva bambowo akuitana, mawu awo asinthiratu: nangula wazuka, tikukokedwa kupita kumiyala. Mnzanga adathamangira kutsogolo kukakoka chingwe. Ine adandipatsa tochi kuti ndiunike miyalayo osasuntha. Dzanja linkanjenjemera, mwala uliwonse ukuoneka ngati ukubwera. M'mutu mudabwera sitima ya Vipya yomwe idamira mu 1946 ndi anthu 145, sitima yachitsulo, nanga kathu aka? Ndidagwira malamba a jekete ija, manyazi onse atabalalika.

Adaponyanso nangula pamalo ena, adagwira. Palibe adagonanso. Tidakhala chofunda bulangete limodzi, bambowo akutisimbira za mpoto ndi vuma, mphepo zinzake za mwera, ndi momwe mtambo umaonekera iliyonse isanafike. Adadandaula kuti masiku ano anyamata amadalira injini, amadzaza boti anthu ndi matumba mpaka m'milomo, majekete atsala kunyumba. Pamenepo ndidawavomereza ndi mtima wonse, ine amene masana ndinkaiona jeketeyo ngati chonyozetsa.

Kutacha nyanja idali bata ngati sidalakwe kanthu. Adandimanga chingwe m'chiuno n'kunditsitsira m'madzi osaya kuti ndiphunzire kuyandama chagada. Ndidamwa madzi okwana ndowa, koma ndidayandama mpaka kuwerenga 20.

Pobwerera, nditatsika minibasi pa Masasa, nthaka inkagwederabe pansi pa mapazi anga. M'foni ndidapezamo zithunzi zinayi zokha, zitatu zili za chotupa chija. Mayi ndidawauza za mbuna ndi nyali za asodzi. Za nangula sindidawauzebe.