Galimoto Yoyamba: Iwerengeni Musanaisinthe

Bambo wina amene anaphunzira kuwerenga m'kalasi lathu la sukulu ya kwacha anagula galimoto m'chaka cha 2023. Ndalama zake zinachokera ku tomato ndi kabichi wa kudimba, ndipo anazisunga kwa zaka zinayi. Tsiku loyamba anabwera nayo kusukulu. Tonse tinatuluka kukaona, amayi n'kumaimba nthungululu. Bamboyo atatsika anandikokera pambali nati, "Aphunzitsi, kandalama katsalako pang'ono. Anyamata akuti ndiike matayala aakulu ndi wailesi yamphamvu, ndiponso ndiikweze m'mwamba. Inu mukuti bwanji?"

Ine ndinati, "Bambo, kodi kutsogoloku mwatsegulako kale n'kuona zimene zili m'katimo?" Iwo anangoseka. Anali asanatseguleko.

Sindinawaseke ayi, chifukwa inenso ndinayamba chomwecho. Galimoto yanga yoyamba inali Toyota Corolla yakale, imene ndinagula kwa munthu mu 2016. Mwezi woyamba ndinagula wailesi, zokuzira mawu ziwiri ndi nsalu zokongola za pamipando. Madzi a mu injini sindinawayang'ane ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lina ndinali kuchokera ku Chikwawa kumene ndinakasiya mabuku. Pokwera chitunda chija cha pakati pa Thabwa ndi Blantyre, kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira. Ine ntchito ya kamuviko sindinkaidziwa. Wailesi inali kulira bwino, tsono ndinangopitirira. Posakhalitsa nthunzi inatuluka kutsogolo kuti fuu! Paipi ya labala yodutsa madzi inali itafooka kalekale, ndipo inaphulika. Madzi anatha, injini inapsa. Paipi yatsopano ikanandidyera ndalama zochepa kuposa nsalu za pamipando zija. Koma kukonza injiniyo kunandidyera malipiro a miyezi iwiri.

Zolembedwa pa galimoto

Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli ndi mwayi, pakuti galimoto ili ndi zolembedwa ponseponse. Magalimoto ambiri aang'ono amene timagula masiku ano ndi ogwirapo kale ntchito ku Japan. Amatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Buku lake limakhala la m'Chijapani, koma musataye mtima. Manambala ake ndi omwewa amene tinaphunzira m'kalasi.

Yambani ndi tayala. Gwadani pansi muwerenge m'mbali mwake. Mupeza manambala onga awa: 175/65 R14. Nambala yoyamba ikunena kuti tayalalo ndi lotambalala mamilimita 175. Yachiwiri ikunena kutalika kwa khoma la tayala: ndi magawo 65 pa 100 a kutambalala kuja. Yomaliza ikunena kukula kwa chitsulo chimene tayala lavala, chija timati rimu: mainchesi 14. Lembani manambala amenewa. Mukapita kogula tayala simudzanenanso kuti "ndipatseni la galimoto yaing'ono."

Funaninso manambala anayi okhala paokha m'kabokosi kozungulira, monga 2319. Amenewa akunena nthawi imene tayala linapangidwa: sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Labala amakalamba ngakhale tayala lisakuyenda. Tayala likhoza kuoneka la mano abwino koma lili nkhalamba, long'aluka m'mbali, ndipo lotere limaphulika pa phula wotentha. Mukaona mawu akuti STUDLESS, dziwani kuti limenelo ndi tayala la nyengo ya chisanu ku Japan. Labala wake ndi wofewa. Kuno kotentha limatha msanga, ndipo siligwira bwino msewu mukaponda buleki.

Tsegulani chitseko cha dalaivala. Pafelemu pake pali kapepala komata kosonyeza mpweya woyenera kupopera m'matayala, monga 230 kPa, imene pa pampu ina imawerengedwa 2.3. Musayese mpweya ndi chidendene. Chidendene sichidziwa manambala.

Kutsogolo kwa galimoto

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, dikirani izizire, ndipo tsegulani boneti. Pali kachitsulo katali kokhala ndi chogwirira chachikasu kapena chofiirira. Kazuleni, kapukuteni ndi kansanza, kabwezereni, kazuleninso. Oyilo ayenera kufika pakati pa zizindikiro ziwiri zimene zili kunsonga kwake. Akakhala wakuda bii ndi wolemera, wakalamba. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti madzi akulowa m'mene sayenera kulowa, ndipo muonane ndi amakaniko msanga. Mtundu wa oyilo umalembedwa ndi manambala, monga 5W-30 kapena 10W-40. Gulani wa m'chigubu chomata. Oyilo wa m'botolo la zakumwa pamsika simungadziwe kumene wachokera.

Onani mafuta a mabuleki m'kabotolo koyera. Pa chivundikiro chake palembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Onani madzi a injini m'kathanki kapulasitiki kamene kali pambali pa rediyeta. Finyani mapaipi a labala ndi dzanja. Yofewa kwambiri ngati nthochi yakupsa, kapena yotupa, kapena yong'aluka, isintheni. Koma chivundikiro cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha. Madzi a m'menemo amatentha kuposa a m'ketulo yowira, ndipo amathovokera kumaso.

Chinanso chofunika kudziwa ndi mtundu wa giyabokosi yanu. Magalimoto ambiri aang'ono osintha okha magiya ali ndi mtundu wotchedwa CVT. Umenewu uli ndi mafuta akeake. Mukathiramo mafuta wamba a otomatiki, otchedwa ATF, galimoto idzayamba kunjenjemera ndi kuterereka ponyamuka, ndipo giyabokosi ina ndi ndalama zambiri zedi. Funsaninso ngati injini yanu ili ndi lamba kapena tcheni choyendetsa mavavu. Lamba ameneyu, amene amakaniko amati taimingi beluti, kawirikawiri amasinthidwa akayenda makilomita 100,000. Ku Japan akamusintha amamata kapepala pa injini kolembedwa makilomita ake. Kafuneni.

Zonsezi zilembeni m'kope. Tsiku, makilomita, chimene mwachita, ndi mtengo wake. Kopelo lizikhala m'galimoto momwemo.

Tsono za kusintha

Kusintha galimoto si kulakwa. Magalimoto amenewa anapangidwira misewu yosalala ya ku Japan, pamene ife timayenda nawo m'misewu ya miyala, ya mchenga ndi ya matope. Koma ndalama zoyamba zipite ku mabuleki, matayala, madzi ndi nyali. Zimenezi zikakhala bwino ndi pamene tingaganize zina. Ndipo musanasinthe kanthu kalikonse, dzifunseni kuti, kodi ndikasintha apa, ndi pati pena pamene pamve ululu? Zitsulo za galimoto zinayezedwa kuti zigwirire ntchito limodzi. Mukakhudza chimodzi, mwakhudza zinzake.

Tiyeni titenge matayala aakulu aja. Tinene kuti mwachotsa 175/65 R14 n'kuika 185/70 R14. Tayala loyamba, kuchokera pansi kufika pamwamba, ndi mamilimita pafupifupi 583. Lachiwiri ndi pafupifupi 615. Kusiyana kwake ndi mamilimita 32, koma galimoto imakwera ndi theka chabe la kusiyanako, ndiye kuti sentimita imodzi ndi theka. Phindu lake ndi lomwelo. Tsono onani zotsatira zake. Tayala lalikulu likazungulira kamodzi limayenda mtunda wotalikirapo, koma wotchi yosonyeza liwiro sidziwa kuti mwasintha. Ikamanena 80, inu mukuthamanga pafupifupi 84. Apolisi a pamsewu sadzamva zoti ndi matayala. Pokwera phiri galimoto imalemedwa pang'ono. Ndipo mukapitirira muyeso, tayala limakhula thupi la galimoto pokhota kapena mukanyamula katundu. Kukwera sitepe imodzi yotere ambiri amachita ndipo zimatheka, malinga matayala onse anayi akhale ofanana. Koma marimu aakulu onyezimira okhala ndi tayala lopyapyala, amenewo ine sindiwafuna n'komwe. Dzenje limodzi lokha, rimu yapindika.

Kukweza galimoto ndi timphira kapena tizitsulo totchedwa masipesa n'kothandiza kwa munthu wa kumudzi, kuti mimba ya galimoto isamakhule pansi. Koma kwezani pang'ono, masentimita awiri kapena atatu. Mukakweza kwambiri, zitsulo zopereka mphamvu ku matayala akutsogolo zimagwira ntchito zili chopendekeka, timatumba take ta labala timang'ambika, ndipo mudzayamba kumva kuti kho-kho-kho pokhota. Galimoto yokwera kwambiri imapendamanso pa kona. Mukatha kukweza, pitani nayo akaongole matayala pa makina, kupanda kutero adzadyeka mbali imodzi. Kwa ine chinthu chanzeru koposa pa msewu wa miyala ndi chitsulo chochinga kunsi kwa injini, pamene pamakhala oyilo. Mwala umodzi ukhoza kuboola pamenepo, oyilo yense n'kutayikira m'fumbi inu osadziwa.

Ena amaika masipuling'i olimba kumbuyo kuti azinyamula matumba ambiri a chimanga. Galimoto imaoneka ngati yalimbadi, chifukwa siikhalanso pansi. Koma mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja. Potsika Khwekhwerere kapena Chiweta ndi katundu wopyola muyeso, mabuleki amatentha n'kusiya kugwira, ndipo m'galimotomo muli ana anu. Pa zitunda zotere tsikani ndi giya yaing'ono kuti injini ithandize kugwira galimoto. Pa otomatiki ikani pa 2, pa L kapena pa B, monga mmene yanu inalembedwera.

Kachitsulo kamene ambiri amachotsa

Pali langizo limodzi limene mudzalimva ndithu. Adzakuuzani kuti, "Achimwene, chotsani thermostat. Kameneko n'ka kumaiko ozizira, kuno sikafunika." Thermostat ndi kachitseko kakang'ono ka m'njira ya madzi. Injini ikakhala yozizira kamatseka, kuti itenthe msanga. Madzi akafika pa madigiri 80 ndi mphambu zingapo kamatseguka, madzi n'kupita ku rediyeta kukazizira. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumodzi kumene imagwira bwino ntchito. Mukakachotsa, injini imachedwa kutentha, makamaka m'mawa ndi m'miyezi ya June ndi July. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini ikali yozizira imathira petulo wambiri. Ndiye kuti mukulipira tsiku ndi tsiku pa pampu, ndipo zitsulo za m'kati zikudyeka msanga.

Galimoto ikamatentha kwambiri pali chifukwa chake. Mwina rediyeta yatsekeka ndi dzimbiri, mwina fani siikuzungulira, mwina chivundikiro chatha, mwina madzi akudontha penapake. Ngati thermostat yafa, gulani ina. Ndipo m'rediyeta musamathire madzi a pachitsime okhaokha. Ali ndi mchere umene umasiya makoko onga a m'ketulo, ndiponso amachititsa dzimbiri. Thirani kulanti, madzi aja obiriwira kapena ofiira, monga mmene chigubu chake chikunenera.

Wailesi ndi mawaya

Za wailesi bambo aja sanalakwe kwenikweni. Mawailesi ambiri obwera ndi magalimoto a ku Japan amayambira pa 76 n'kulekezera pa 90, pamene nyumba zoulutsira mawu za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake mumangogwira imodzi kapena ziwiri. Pali kabokosi kakang'ono kotchipa kamene amalumikiza ku waya wa eriyo, kamene kamathandiza wailesi yomweyo kugwira zambiri. Kapena mukhoza kugula wailesi ina.

Choopsa chili pa mawaya. Chilichonse chimene mwaonjezera, kaya wailesi, kaya nyali, chikhale ndi fyuzi yake. Fyuzi ndi kawaya kofooka dala, kamene kamapsa kokha magetsi akachuluka, kuti mawaya ena apulumuke. Pamwamba pake palembedwa nambala, 10, 15 kapena 20. Ikapsa, ikani ya nambala yomweyo. Ikapsanso, penapake waya wasupuka, ndipo mufunefune pamenepo. Musamangepo waya wa kopa kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya. Magalimoto amene timawaona atapserera m'mbali mwa msewu, ena anayamba motero. Musanagwire mawaya, masulani kaye mutu wa batire umene uli ndi chizindikiro chochotsera, chija cha masamu. Pobwezera, umenewo ukhale womalizira.

Ntchito zina mungaphunzire nokha: kusintha tayala, kusintha sefa ya mpweya, mababu ndi oyilo. Koma musalowe kunsi kwa galimoto imene yaima pa jeke yekha, kapena pa njerwa, chifukwa njerwa imaphwanyika mosachenjeza. Za mabuleki ndi chiwongolero, imani pambali pa amakaniko odziwa, muziona ndi kufunsa. Auzeni akupatseni chitsulo chakale chimene achotsa. Ndipo mukasintha injini kapena mtundu wa penti, kadziwitseni a Road Traffic, kuti zolembedwa m'mapepala a galimoto zifanane ndi galimotoyo. A inshuwalansi nawonso muwauze.

Bambo a tomato aja tinagwada nawo pansi tsiku lomwelo n'kuwerenga matayala awo. Awiri akutsogolo anali a STUDLESS, opangidwa mu 2014. Anawerenga okha manambalawo, pang'onopang'ono, chala chili pa labala. Kandalama kaja kanagula matayala awiri, mapadi a mabuleki ndi kulanti. Chitsulo chochinga kunsi anaika atagulitsa kabichi wa chaka chotsatira. Wailesi ikali yomwe ija ya ku Japan, ndipo akuti imawakwanira, popeza nkhani za m'mawa imagwira.