CIFUKWA CAKE ANAMWINO AMAFUNSA DZINA LA MUDZI WANU

Aliyense amene anapitapo ku cipatala adziwa mafunso amene amayamba munthu asanalandire ngakhale mbulu umodzi wa mankhwala. Dzina lanu ndani? Muli ndi zaka zingati? Mucokera mudzi uti, kwa mfumu yani? Ndipo ngati mwadza ndi kutsegula m'mimba amaonjezanso kuti, madzi akumwa mutunga kuti? Ambiri mafunso amenewa amawayankha monyinyirika, poganiza kuti anamwino angofuna kudzaza mapepala pamene wodwala ali kubuula pa benchi. Koma buku limene amalembamo lija lili ndi nchito yaikulu yoposa imene ioneka.

Mlungu uliwonse cipatala ciliconse, ngakhale cacing'ono ca kutali ndi mseu, cimawerenga odwala amene cinalandira: a malungo angati, a cikuku angati, otsegula m'mimba angati, olumidwa ndi agalu angati. Ciwerengero cimeneci cimapita ku ofesi ya za umoyo ya pa boma, kucoka pamenepo ku likulu la cigawo, mpaka ku Lusaka ku bungwe la Zambia National Public Health Institute, limene linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizilondera matenda m'dziko lonse. Kale mapepala anali kuyenda pa njinga ndi pa basi, koma lero ambiri ayenda pa foni ndi pa kompyuta. Ndipo alipo matenda ena amene sayembekeza kutha kwa mlungu. Kolera, cikuku, kapena mwana amene miyendo yalefuka mwadzidzidzi, zimenezi ziyenera kumveka ku boma pasanapite maola 24.

Nzeru yowerenga odwala ndi yakale. M'caka ca 1854 kolera inagwa mu mzinda wa London, ndi kupha anthu oposa 500 m'masiku khumi okha m'dera limodzi. Nthawi imeneyo anthu ophunzira omwe anali kukhulupirira kuti nthendayi idza ndi mpweya wonunkha. Dokotala wina, John Snow, anayenda khomo ndi khomo kufunsa kumene akufawo anali kukhala ndi kumene anali kutunga madzi. Atafufuza maliro onse, anaona kuti aunjikana mozungulira citsime cimodzi ca mu mseu wa Broad Street. Akulu a deralo anacotsa cogwirira ca pampu ya citsimeco. Munthuyo analibe mankhwala a kolera m'thumba mwake. Anali ndi funso lomwe lija limene anamwino akufunsani lero.

Akuluakulu a m'midzi yathu ali ndi umboni wina pa mkono pao, cipsera ca katemera wa nthomba. Ana a lero nthomba yeniyeni saidziwa, nthenda imene inali kupha, kucititsa khungu ndi kusiya nkhope ya mabangamabanga. Inatha bwanji? Katemera yekha sanakwanire. M'zaka zotsiriza za nkhondoyo anchito a za umoyo anali kufunafuna wodwala aliyense, kumpatula, ndi kutemera onse amene anakhala naye pafupi. Munthu womaliza kuitenga mwacibadwa anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthomba yatheratu pa dziko lapansi.

Tsono tibwere kwathu kuno, pa nthenda imene ikali kutisautsa nthawi ya dzinja. Mu 2022 ndi 2023 kolera inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo mu January 2023 inaoneka m'boma la Vubwi, kumene anthu a mbali ziwiri za malire amakwatirana, amagula pa misika imodzi ndi kulirana maliro. Mu October caka comweco inabuka mu Lusaka, niwanda m'zigawo zonse khumi. Anadwala anthu oposa 20,000, namwalira oposa 700. Bwalo la mpira la National Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 anatsegulidwa pa 12 February.

M'ciwerengero cimeneci muli mfundo imene tifuna kuti awerengi athu aisunge: oposa theka la akufawo anafera kunyumba kapena pa njira, asanafike m'manja mwa anamwino. Cimeneci ndico comvetsa cisoni, pakuti kolera si nthenda yobvuta kuciza. Wodwala akalandira cithandizo msanga, mwa anthu 100 safa ngakhale mmodzi.

Kolera imadza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso kamene kamalowa m'kamwa ndi madzi kapena cakudya cokhudzidwa ndi cimbudzi ca munthu. Mvula ikakokolola zonyansa za m'thengo ndi kuzithira m'citsime cosaphimba kapena m'dambo, mudzi wonse wamwa. Munthu angayambe kudwala patapita maola 12, kapena masiku asanu. Amatsegula m'mimba madzi okhaokha, oyera ngati otsukira mpunga, kawirikawiri osamva kupota, ndipo amasanza. Maso amalowa m'kati, khungu ukalitsina silibwerera msanga, minofu ya m'miyendo imakokana. Cimene cimapha ndi kutha kwa madzi ndi mcere m'thupi, ndipo munthu wamphamvu amene analima m'mawa angathe kutsirizika usiku womwewo. Cinanso cobisika ndi cakuti ambiri otenga kaciromboka sadwala konse, koma amakatulutsa m'cimbudzi cao kwa masiku angapo. Ndico cifukwa cake wodwala mmodzi wotsimikizika amawerengedwa kuti ndi mliri.

Mankhwala oyamba ali m'nyumba mwanu momwe. Ngati muli ndi paketi ya madzi a moyo ya ku cipatala, isungunuleni mu lita imodzi ya madzi owiritsa ndi ozizira. Ngati mulibe, thirani m'lita imodzi masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mcere. Musapambanitse mcere, makamaka kwa mwana. Mumwetseni pang'onopang'ono kosalekeza, ngakhale ali kusanza, ndipo muzimmwetsa muli pa ulendo, kaya pa ngolo kaya pa njinga. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kuli cikhulupiriro cakuti wotsegula m'mimba asamwe madzi kuti m'mimba muume. Cikhulupiriro cimeneci caika ana ambiri m'manda.

Nanga n'cifukwa ninji anthu amacedwa? Ena mtunda ndi mitsinje yodzala, ndipo pamenepo mlandu suli wao. Koma ena ndi manyazi, poti kolera imachedwa nthenda ya uve. Ena amayamba kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa, pakuti imfa yofulumira cotere imaoneka ngati ya dzanja la munthu. Ndipo ena amaopa kuti mbale wao akafera ku cipatala sadzaloledwa kumsambitsa ndi kumgoneka m'nyumba monga mwa mwambo. Mantha amenewa sitiwaseka, cifukwa kuika munthu mwaulemu ndi cinthu cacikulu pakati pathu. Koma tinene zoona: mtembo wa womwalira ndi kolera ukali ndi tizirombo. Amai amene ausambitsa ndi kupita kukapakula nsima ya pa maliro, ndiponso beseni limodzi limene khamu lonse lisambamo m'manja, ndiyo njira imene nthendayi imacokera m'mudzi umodzi kulowa m'midzi isanu. Pa maliro, pa ukwati ndi pakhomo pomwe, madzi osamba m'manja azithiridwa ndi kapu kapena jagi, pakhale sopo, ndipo posowa sopo phulusa.

Akale anati cakudza siciimba ng'oma. Komabe matenda ambiri amasiya mapazi kwa amene ali ndi maso, ndipo nthawi zina mapaziwo amayamba kuoneka pa nyama. Mu 2011 mvuu zambiri zinafa zokha mu mtsinje wa Luangwa m'boma la Chama. Anthu anaona ndiwo yaulere, nasenda, nadya, ena nafutsa. Oposa 500 anadwala nthenda ya anthrax, ndipo asanu anamwalira. Ng'ombe kapena nyama ya m'thengo yofa yokha si ndiwo, ndi uthenga wofunika kupita kwa alangizi a ziweto ndi ku cipatala. Cimodzimodzinso makoswe akayamba kufa okha m'nkhokwe ndi m'nyumba, kapena galu wa pakhomo akasintha khalidwe ndi kuyamba kuluma.

Mwana mmodzi yekha atapezeka ndi poliyo ku Lilongwe, nkhani imene inalengezedwa mu February 2022, ana mamiliyoni analandira katemera wa m'kamwa ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi kuno ku Zambia. Cinayambitsa zonsezo ndi cakuti mwanayo anapita naye ku cipatala, ndipo wina analemba.

Conco nyakwawa, aphunzitsi, akulu a mpingo ndi a komiti ya za umoyo ya m'mudzi, mukaona wamkulu mmodzi ali kutsegula m'mimba madzi okhaokha, kapena ana atatu a mabanja osiyana atuluka ziwengo ndi kufiira maso mlungu umodzi, kapena maliro awiri ofanana atsatana, tumani mnyamata pa njinga kapena imbani foni tsiku lomwelo. Sikufunika kuti mudziwe dzina la nthendayo, kupima ndi nchito ya a cipatala. Iwo akamva amadza kudzatenga zoyesa, kuona citsime, kugawa klorini wothira m'madzi akumwa ndi kufunafuna ena amene ayamba kudwala. Adzafunsa amene anadwala poyamba, tsiku limene anayamba, kumene anayenda ndi kumene atunga madzi. Muwauze zonse monga zinacitikira, ngakhale citsimeco cikhale ca pakhomo panu.