Kale tinkadikira sipeya, lero timamuyitanitsa kwa mwana wathu

Pa Sharpevale chinthu chikathyoka kale, chinali chitathyoka basi. Sindikunena za zinthu zikuluzikulu ayi. Ndikunena kachitsekero ka sipuleya ya mlimi wa thonje, kagiya ka pulasitiki ka m'kati mwa wailesi, kopotokolera ka fani, kanthu koti mungakabise m'nkhonya koma kakasowa chida chonse chimakagona pansi pa bedi. Mwini wake ankayamba wafunsa m'mashopu a pamsika, kenaka n'kutuma wa minibasi ku Balaka. A ku Balaka ankati yesani ku Limbe, ndipo ku Limbe yankho linali lodziwika kale: "Kameneka sikabwera pakokha, bambo, gulani chatsopano." Msewu wa M5 umadutsa pakhomo pathu penipeni, njanji yopita ku Salima yakhala ili pano kuyambira zaka za m'ma 1930, katundu wa mitundu yonse amatidutsa usana ndi usiku, koma kapulasitiki kakang'ono kokha kankatha kumugonetsa mlimi ndi nkhawa thonje lake likudyedwa ndi mbozi.

Mwana wa mlongo wanga anabwerera m'mudzi muno m'chaka cha 2021, chaka chomwe Polytechnic ya ku Blantyre inasintha dzina n'kukhala MUBAS. Anabwera ndi digiri ya uinjiniya wa makina. Tinamulandira ndi nthungululu, mbuzi inafa, kenaka masiku anayamba kupita ntchito osaoneka. Makalata ofunsira ntchito ankachoka, mayankho osabwera. Anyamata a kabaza pa siteji anamupatsa dzina loti Injiniya, ndipo sankamutchula mwaulemu. Mtsikana amene kale ankamasula wotchi ya agogo ake kuti aone chimene chimaiyendetsa anasiya kupita kumsika masana. Ankadzuka, kusesa, kuthandiza mayi ake kusankha tomato, n'kubwerera kuchipinda. Digiri ija anaiika pansi pa sutikesi, pamwamba n'kusanjapo zitenje. Ukamufunsa za ntchito ankangoti, "Zili bwino, amalume," maso ali pansi.

Chimene chinamudzutsa chinabwera pa basi ya ku Johannesburg m'chaka cha 2022, m'katoni yomangidwa ndi zingwe za mphira. Mchimwene wake amene amagwira ntchito kumeneko anagula kwa mnzake printa ya 3D yogwiritsidwapo kale, ya mtundu wa Creality Ender 3, pamodzi ndi mipukutu ingapo ya filamenti. Ife tinkayembekeza makina aakulu. M'katonimo munatuluka timitengo ta aluminiyamu, timamota, timalamba ndi thumba la zomangira. Mwanayo atangoziona nkhope inasintha. Anayala mkeka pakhonde, anandanda zonse mwadongosolo, ndipo nsima ya tsiku limenelo anaidya itazizira.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa ukakaona ndi maso. Filamenti ndi ulusi wa pulasitiki wonenepa mamilimita 1.75. Kamota kamaukankhira m'kamutu kotentha pafupifupi madigiri 200, ndipo umatuluka wosungunuka pa kabowo ka mamilimita 0.4. Kamutuko kamayenda uku ndi uku pa thebulo lofunda, kakulemba mzere umodzi, kenaka n'kukwera pang'ono n'kulemba wina pamwamba pake, monga amachitira woumba mbiya posanjikiza dongo mpaka khosi litaoneka. Chimene makinawo amatsatira ndi chojambula chimene munthu wakonza pa kompyuta. Luso limeneli si ladzulo. Scott Crump wa ku America analipeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo kwa nthawi yaitali makina ake ankapezeka m'makampani olemera okha. Mu 2005 Adrian Bowyer wa pa yunivesite ya Bath ku England anayambitsa ntchito ya RepRap, yopanga printa imene aliyense angadzimangire popanda kulipira mwini nzeru, ndipo umwini wa Crump utatha mu 2009 mitengo inagwa. Ku Lomé m'dziko la Togo, Afate Gnikou anamanga yake mu 2013 pogwiritsa ntchito zinyalala za makompyuta akale. Njira imeneyo ndi imene inafikitsa makina otere pakhonde la mlongo wanga.

Vuto loyamba linali magetsi. Chaka chimenecho namondwe Ana anali atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndipo kuzima kunali kwa tsiku ndi tsiku. Printa ikazimiridwa pakati pa ntchito ya maola 5, pulasitiki yense uja nthawi zambiri amangotayika. Apa m'pamene ndinaona digiri ikutuluka pansi pa zitenje. Mwanayo anawerenga kachikwangwani ka pa bokosi la magetsi la makinawo, anaona kuti m'kati mwake amayendera mavoti 24, ndipo anati, "Amalume, ndibwerekeni batire yanu ya sola." Analumikiza mabatire awiri a mavoti 12 motsatizana, anaikapo fyuzi, anawerengera pa pepala maola amene angapirire. Usiku umenewo mudzi wonse unali mu mdima, koma m'chipinda mwake kamakina kankangolira tswii tswii, ndipo ana a pafupi anadzaza pawindo mpaka amayi awo anabwera ndi tochi kudzawatenga.

Chinthu choyamba chenicheni chinali kachitsekero ka sipuleya ya bambo wina wolima thonje kumunsi kuno, chakumadambo a Bwanje. Bamboyo anabweretsa zidutswa ziwiri atazikulunga m'kapepala ka shuga. Mwanayo anazilumikiza, anayeza ndi kalipa mbali zonse, anawerenga mizere ya mazinga ake, anajambula pa laputopu ndi pulogalamu yaulere ya FreeCAD. Koyamba kanathina. Anachepetsa pang'ono, kachiwiri kanalowa bwinobwino. Bamboyo anathira madzi, anapopa, anapopanso, ndipo pa mlomo wa sipuleya panatuluka nkhungu yosalala, osadontha ngakhale pang'ono. Anavula chipewa. "Mayi," anatero kwa mtsikana wa msinkhu wa mwana wake, "mwandiombola." Ine ndinaseka mpaka misozi, mlongo wanga analuluta ngati pa ukwati, ndipo madzulo ake kunafika nkhuku yomangidwa miyendo.

Mbiri inayenda msanga kuposa minibasi. Telala anabwera ndi kogwirira ulusi ka makina ake osokera. Mphunzitsi wa sayansi anapempha timagiya toonetsera ana m'kalasi. Amayi a dimba anafuna tolumikizira mapaipi a mthirira. Anyamata a kabaza aja anayamba kuima pageti ndi "Odi, a Injiniya," ndipo nthawi ino dzinalo linkatuluka ndi ulemu wake wonse, chifukwa ankafuna zogwirira foni pa chiwongolero.

Kenaka kunabwera Okutobala. Amene sanakhaleko kuno m'chigwa sadziwa kutentha kwa mwezi umenewu. Ku Ntcheu boma ndi ku Tsangano kumtunda kumakhala kamphepo, koma kuno pansi pa malata masana munthu sukhalamo. Mwanayo anali atapangira munthu wina timikono togwirira chipangizo cha sola pakhoma, pafupi ndi denga. Tsiku lina mwini wake anabwera nato titapindika, chipangizo chikulendewera pa waya. Pulasitiki ya PLA, imene anthu ambiri amayamba nayo chifukwa ndi yosavuta, imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 60, ndipo pansi pa malata a Sharpevale, italemedwa ndi katundu tsiku lonse, inagonja pang'onopang'ono. Sabata yomweyo kambedza kena kanathyoka ndendende pa mzere pamene pulasitiki inasanjikizana, chifukwa chinthu chosindikizidwa chimalimba motsatira mizere yake koma chimafooka ukachikoka molekanitsa mizereyo.

Wina akanakhumudwa. Iye anakondwa ngati wapeza ndalama. Anabweza ndalama za anthu awiriwo, anaitanitsa filamenti ya PETG yomwe imapirira kutentha kwambiri, ndipo anagula kope lalikulu lachikuto cholimba. Anayamba kusindikiza timbedza tofanana, tina togoneka tina toimika, n'kumatikoleka pa nthambi ya mtengo wa mango ndi ndowa kumunsi. Mng'ono wake ankathira madzi m'ndowamo lita imodzi imodzi, popeza lita ya madzi ndi kilogalamu, mpaka kambedza kathyoke, ndowa igwe, onse anyowe, kuseka kumveke mpaka kumsewu. Iye n'kulemba m'kope: mtundu wa pulasitiki, kagonekedwe, kulemera kumene kanathyokera, nthawi ya tsiku. Tina ankatisiya pa denga sabata yathunthu n'kutiyesanso. Ndimakhulupirira kuti uinjiniya wake weniweni unayambira pansi pa mango umenewo, pamene anasiya kufunsa ngati chinthu chikukwana n'kuyamba kufunsa kuti chidzathyoka liti ndipo chidzavulaza ndani.

Funso limenelo linamupeza posachedwa. Komiti ya mjigo wa m'mudzi woyandikana nawo inabwera ndi timabushi ta pulasitiki ta pa chogwirira cha mjigo, titatha. Mjigo wa Afridev umene tili nawo m'midzi yambiri ndi wathuwathu: unayambira kuno ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndi dzina loti Maldev, unayesedwa m'chigwa cha Livulezi mu Ntcheu momwe muno, ntchito yake isanapitirire ku Kenya. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi sipanala imodzi. Mwanayo anatembenuza timabushito m'manja n'kukana. Anawauza kuti zipangizo za mjigo zili ndi muyezo wake ndi mtundu wake wa pulasitiki, kuti zenizeni zimagulitsidwa ndipo si zodula, ndipo kuti chopanga iye chikatha msanga chidzadya chitsulo chomwe ndi chodula kwambiri, mudzi wonse n'kubwerera kumtsinje. Anawalembera dzina la sipeyayo pa pepala kuti akapereke kwa mmisiri wa mijigo wa m'dera.

Wapampando wa komitiyo, mayi wachikulire, anafunsa mofatsa: "Nanga si ndinu injiniya, mwanawe?" Iye anayankha kuti, "Digiri ndili nayo, amayi, koma dzina langa m'kaundula mulibe." Usiku womwewo anatulutsa sutikesi.

Ku Malawi kuno kukhala ndi digiri ndi chiyambi chabe. Lamulo la 2019 linakhazikitsa bungwe la Malawi Engineering Institution, lomwe linatenga ntchito imene kale inkagwiridwa ndi Board of Engineers, ndipo wogwira ntchito ya uinjiniya amayenera kulembetsa kumeneko. Womaliza maphunziro amayamba walembetsa ngati injiniya wongotuluka kumene kusukulu. Kenaka amagwira ntchito zaka zingapo moyang'aniridwa ndi injiniya wovomerezeka, akulemba zimene wachita ndi zifukwa zake, ndipo pomaliza amakaonekera pamaso pa akuluakulu a ntchitoyi kuti amufunse. Akakhutira naye, m'pamene siginecha yake pa pulani imakhala ndi mphamvu, ndipo chinthu chikagwa, iye ndiye woyankha. Ena amaona ngati ndi njira yaitali yotchingira achinyamata. Ine ndikaona milatho imene madzi amakokolola m'chigwa chino nyengo ya mvula, ndimafuna kuti aliyense wojambula chinthu chonyamula anthu akhale ndi dzina lolembedwa penapake.

Analembetsa. Chovuta chinali kupeza womuyang'anira, popeza injiniya wovomerezeka sapezeka pa siteji ya Sharpevale. Chinamutsegulira khomo ndi kope lija. Injiniya wina wamkulu amene amaika mapampu a sola m'minda ya mthirira m'chigwa chino anaima pamsika kufunsa amene angamupangire kachivundikiro ka bokosi la mawaya, ndipo anyamata a kabaza anamuperekeza mpaka pakhomo. Pamene printa inkagwira ntchito, mkuluyo anatola kopelo n'kuyamba kutsegula masamba. Anawerenga za ndowa, za denga, za timbedza togoneka ndi toimika. Anafunsa mafunso awiri kapena atatu, mwanayo anayankha osazengereza, ndipo mkuluyo anati, "Lolemba mubwere ndi nsapato zolimba."

Amene munamuona mu 2021 simungamuzindikire lero. Amadzuka kusanache, chisoti m'chikwama, n'kukwera galimoto yopita ku minda. Amayeza kuya kwa zitsime, amawerengera kukula kwa paipi ndi mphamvu ya pampu, ndipo Lachisanu madzulo amakhala patebulo kulemba lipoti loti womuyang'anira akasaine. Amayenda pakati pa msika mutu uli m'mwamba, akupatsa moni aliyense, ndipo agogo ake amauza alendo onse, ngakhale amene sanafunse, kuti mdzukulu wawo akudikira chidindo cha injiniya wovomerezeka. Ulendo wina anatenga ang'ono ake kupita nawo ku Salima kukaona sukulu imene kampani ya 14Trees inamanga ndi printa yaikulu yothira simenti, makoma ake m'maola 18 okha. Ang'ono akewo anabwera akusimba kuti mizere ya pakhomapo ndi yofanana ndi ya pa kachitsekero ka sipuleya, ndipo iye anakhala nthawi yaitali akufunsa za maziko ndi za amene anavomereza pulani yake.

Printa sinapume. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, filamenti inakwera mtengo kwambiri, ndipo tsopano mwanayo akumanga kamakina kodula mabotolo a zakumwa kukhala timizere toti tisungunulidwe n'kukhala ulusi. Ana a m'mudzi amamutolera mabotolo m'mbali mwa M5, ndipo malipiro awo ndi mphindi zingapo pa laputopu Loweruka, kujambula chimene akufuna. Ntchito za masana amazisiyira mng'ono wake wa Folomu 3, amene kalipa anaizolowera kale. Pakhoma la chipindacho pali mapepala awiri. Limodzi ndi mndandanda wa zimene anthu ayitanitsa: zitsekero za sipuleya, zomwera nkhuku, kogwirira ka poto wa amayi a kutchalitchi. Linalo ndi la zimene sasindikiza ngakhale mutalipira kawiri, ndipo pamwamba penipeni pali mabuleki a njinga yamoto. Wobwera ndi zimenezo amamujambulira pulani yoyera yokhala ndi miyezo yonse, n'kumuuza kuti apite nayo kwa amisiri a zitsulo ku Balaka, ndipo amisiriwo ayamba kutumiza uthenga wofunsa kuti mtsikana wojambula bwino chonchi ndi mwana wa yani.