Chilumba cha Mbenji ndi Nzeru ya Kupumuza Nyanja

Munthu amene angaime pa gombe la Chikombe, m'boma la Salima, pa tsiku la m'mwezi wa Epulo limene Mfumu Yaikulu Makanjira imatsegulira usodzi pa chilumba cha Mbenji, adzaona mabwato ndi maboti atandandalika m'mbali mwa madzi, makoka atasokedwa, ndi asodzi ochokera kutali ndi kufupi akudikira mawu a mwini dziko monga mlimi adikira mvula yoyamba. Chiyambire Disembala anthu amenewa amakhala asanaponde pa chilumbacho, pakuti mwambo wa kumeneko umati mvula ikayamba aliyense asamuke, nyanja ipumule, nsomba ziswane.

Chiyambi cha dongosololi chili m'zaka za m'ma 1950, pamene asodzi ena a ku Likoma anadza kudzapempha malo kwa mfumu ya nthawi imeneyo; ndipo mfumuyo, powaloleza, inaika malamulo amene asungidwa kufikira lero lino. Pa Mbenji safikapo ndi mowa, chamba kapena juga. Amayi saloledwa kuwolokerako, lamulo limene ena a masiku ano amalikaikira, ngakhale kuti amayi omwewo ndiwo ambiri mwa ogula, oyanika ndi ogulitsa nsomba zikafika kumtunda. Potseka ndi potsegula, akuluakulu amapereka nsembe kwa mizimu ya makolo. Ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi komiti ya mfumu, nalipitsidwa, kapena kupirikitsidwa pa chilumbacho. Kutsekako kunali kotetezanso miyoyo, popeza m'nyengo ya dzinja mphezi ndi namondwe sizisowa panyanja. Mphotho ya kudziletsa kumeneku ndi utaka wonona, umene wamveketsa dzina la Mbenji m'misika yambiri.

Kuti timvetse chifukwa chake kupumuza nyanja kuli ndi phindu, tiyenera kuona umo nsomba zathu ziberekera. Chambo chachimuna chimakonza chisa pamchenga, m'madzi osazama kwambiri. Chachikazi chikaikira mazira chimawatola ndi kuwasunga m'kamwa, ndipo ngakhale ataswa, tianato timathawira m'kamwa momwemo pakaoneka choopsa, kufikira titakula ndi kukabisala m'mabango ndi m'zomera za m'mphepete. Utakanso umalera ana ake m'kamwa chimodzimodzi. Choncho msodzi amene akoka khoka m'malo oswanirana amapasula zisa ndi kupha mayi pamodzi ndi mbumba yake yonse. Ndipo iye amene asandutsa neti yotetezera udzudzu kukhala ukonde, nakokolola kasawala wosafika ndi pa chala chomwe, akudya mbewu imene akanadzala. Anthu owerenga malamulo a Mose adzakumbukira kuti ngakhale munda unkapatsidwa sabata lake chaka chachisanu ndi chiwiri. A ku Mbenji anaona kuti madzi nawo afunika sabata.

Ku nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi, zinthu zinayenda mwa njira ina. M'chaka cha 1982 nyanja yaing'ono imeneyi inapereka chambo choposa matani 8,000, koma pofika 1992 sichinkafikanso ndi matani 1,000 omwe, chifukwa makoka a maso ang'onoang'ono, makamaka nkacha ndi khoka la kambuzi, anachuluka nasesa pansi pa nyanja, kuzula zomera zimene tiana ta nsomba tinkabisalamo. Akale anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Boma, litaona kuti alonda ake ochepa sangathe kuyang'anira doko lililonse usana ndi usiku, linayamba m'chaka cha 1993 kugwira ntchito pamodzi ndi anthu a ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire, nakhazikitsa makomiti a m'madoko, otchedwa ma BVC. Ndipo lamulo losamalira nsomba la mu 1997 linatsegula khomo lakuti anthu eni ake azitenga mbali poyang'anira usodzi m'dziko lonse.

Ganizoli linali labwino, koma zipatso zake ku Malombe zinachedwa, ndipo chambo sichinabwerere mwakale. M'madoko ena makomiti ankalimbana ndi mafumu pa za mphamvu ndi zindapusa; m'madoko ena eni makoka ndi alovi, amene ndiwo amakhala pamadzi, analibe mawu okwanira; ndipo kwina anthu ankaona komiti ngati mwana wa boma ndi wa opereka thandizo, wogwira ntchito pokhapokha pali kangachepe ka pamsonkhano. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwake ndi Mbenji. Lamulo limene munthu analivomera yekha pabwalo, pamaso pa mfumu yake ndi anansi ake, amachita nalo manyazi kuliphwanya ngakhale pakati pa usiku. Koma lamulo lobwera ndi galimoto limachoka ndi galimoto yomweyo.

Sitikunena kuti mudzi uliwonse utengere miyambo ya ku Mbenji monga ilili, pakuti chilumba n'chosavuta kutseka kusiyana ndi gombe lalitali, ndipo msodzi wosauka amene auzidwa kupachika ukonde miyezi inayi ayenera kukhala ndi munda, dimba kapena kageni komudyetsa. Ndiponso mudzi pawokha sungaletse maboti akuluakulu a injini okoka makoka m'madzi oletsedwa. Pamenepo mpofunika dzanja la boma, apolisi ndi mabwalo a milandu, chifukwa mutu umodzi susenza denga. Ngakhale wokhala kumapiri ali ndi gawo lake, popeza mtengo wodulidwa m'mbali mwa Linthipe kapena Bua umatumiza matope amene amakwirira malo oswanira mpasa.

Inu mafumu a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, Malombe, Chilwa ndi Chiuta, itanani anthu anu pabwalo, eni makoka, alovi ndi amayi a geni ya nsomba pamodzi, mugwirizane za miyezi yopumuza madzi ndi za malo osaponyamo khoka, ndipo chimene mwapangana muchisunge ngakhale wolakwayo ali mphwanu. Ndipo inu ogula a m'tauni, mukapeza kasawala pamsika, musiyeni pomwepo.